Kwa mayi a ku Mchinji amene akusowa anthu othandiza agogo oiwalaiwala

Mayi, mwati mwayamba ntchito kubungwe losamalira okalamba odwala matenda oiwalaiwala, munaitanitsa msonkhano anthu n'kudzaza, koma atamva kuti palibe alawansi anabalalika. Ndiye mukufunsa kuti anthu ongodzipereka mungawapeze kuti. Inenso ntchito yanga ndi yomweyi konkuno ku Mchinji, ndiye ndikuuzeniko zimene ndaona zikutheka.

Anthuwo musawakwiyire. Mabungwe ambiri anawazoloweza kuti msonkhano umatha ndi kusayina pepala, komanso munthu amene wasiya munda wa mtedza tsiku lonse salakwa kufunsa kuti ana adya chiyani madzulo. Kungoti msonkhano wolengezedwa pabwalo umakoka ofuna ganyu, pamene anthu amene inu mukuwafuna akuigwira kale ntchitoyi mwakachetechete: mpongozi amene amasambitsa apongozi ake, mdzukulu amene amagona kukuka, mayi woyandikana nawo nyumba amene amapititsako kambale ka nsima. Amenewa sabwera kumisonkhano, alibe womusiyira agogo.

Pitani kumene anthu amakumana kale. Amayi a Mvano, a Dorika, miphakati ya Akatolika, magulu a amayi akumzikiti, mabanki m'khonde. Funsaninso za aja ankasamalira odwala Edzi m'makomo ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004. Ambiri akadalipo, ndipo kutembenuza wodwala kapena kuchapa zofunda zoipitsidwa si zachilendo kwa iwo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo akulozerani khomo ndi khomo, bola muyambe mwaonekera kwa anyakwawa ndi agulupu.

Mukawapeza musawauze kuti alowe bungwe. Apempheni kanthu kamodzi kooneka polekezera, monga kukakhala ndi agogo akutiakuti Lachitatu m'mawa kuti mwana wawo apite kuchigayo kapena kumsika wa pa Kamwendo. Akhale a m'mudzi womwewo, chifukwa wodwala matendawa amachita mantha ndi nkhope yachilendo, ndipo aziyenda awiriawiri. Ndalama za agogo, kaya ndi za Mtukula Pakhomo uja anayambira kwathu kuno mu 2006, asazigwire m'pang'ono pomwe. Agogo akaiwala pamene anabisa ndalama amanena kuti wawabera ndi amene ali pafupi, ndipo mbiri ya munthu wabwino imaonongeka tsiku limodzi.

Zowaphunzitsa si zambiri. Asamatsutsane ndi wodwala. Agogo akati akupita kwa amayi awo amene anamwalira kalekale, musawauze za maliro, amalira ngati uthenga wafika lero. Afunseni kuti amayiwo ankaphika ndiwo zanji, muyende nawo pang'ono, kenako mubwerere nawo. Apatseni mtedza aswe kapena chimanga atongole, manja amakumbukira zimene mutu wataya, ndipo nyimbo zakutchalitchi ambiri amaimba mpaka kumapeto. Aziyang'anira moto, chitsime ndi mankhwala a m'munda. Pachovala asokerepo kansalu kolembedwa mudzi ndi nambala ya foni, ndipo anyamata a kabaza muwadziwitse, chifukwa iwowo ndi amene amayamba kumuona munthu akamalowera msewu wa ku Mwami osadziwa kumene akupita. Chinanso chofunika kwambiri: munthu amene wasokonezeka mwadzidzidzi, dzana ali bwinobwino lero osazindikira ana ake, thamangirani naye kuchipatala. Akhoza kukhala malungo, shuga, sitiroko kapena matenda a m'chikhodzodzo. Matenda oiwalaiwala amabwera pang'onopang'ono, miyezi ndi zaka.

Koma nkhani imene imandisowetsa tulo ndi ya ufiti, ndipo anthu anu muwakonzekeretse. Odwalawa amasokonezeka kwambiri dzuwa likamalowa. Agogo amadzuka usiku, n'kutuluka, mwina atavula, m'mawa n'kupezeka pakhomo pa eni m'mudzi wina. Anthu akawafunsa mwaukali kuti mwagwa pandege, iwo chifukwa cha mantha amangovomera chilichonse, ndiye khamu limati adziulula okha. Tonse tikukumbukira okalamba anayi amene anaphedwa ku Neno mu Januwale 2016 atanamiziridwa ufiti mphezi itapha mtsikana. Pa nthawi ngati imeneyo mlendo wochokera kuofesi samvedwa. Amene amamvedwa ndi munthu wa pamudzi pomwepo amene anganene kuti awa ndi agogo a kwa uje, akudwala, ndimawasambitsa ndine. N'chifukwa chake ndikulimbikira za anthu a pafupi. Aliyense akhale ndi nambala ya apolisi a m'mudzi ndi ya ofesi ya kupolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit, ndipo adziwe kuti lamulo la 1911 limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu 2024 kunabweranso lamulo loteteza okalamba.

Mafumu ndi abusa muwafotokozere kuti awa ndi matenda a ubongo ndipo ali paliponse. Bungwe la WHO limati odwala matenda oiwalaiwalawa, amene pa Chingerezi amati dementia, padziko lonse amaposa 55 miliyoni, ndipo mwa 100 alionse, 60 mpaka 70 amakhala a mtundu wa Alzheimer. Ena amayamba chifukwa cha BP ndi sitiroko zimene zaononga mitsempha ya m'mutu. Mankhwala ochiritsiratu kulibe, ndipo mabanja muziwauza zoona zimenezi asanagulitse mbuzi kupita kwa asing'anga.

Za alawansi nenani poyera tsiku loyamba kuti palibe. Koma munthu asawonongenso zake: sopo, mayunitsi, ambulera ya m'dzinja, ndi njinga imodzi ya gulu ngati bungwe lingakwanitse. Wina akadwala kapena akaferedwa, mukaonekere. Muziwathokozanso pamaso pa amfumu powatchula mayina, anthu amalimba nazo mtima kuposa mmene timaganizira.

Nyengonso muiganizire. Kuyambira Disembala mpaka Malichi anthu ali kumunda ndipo nkhokwe zapepuka, musadabwe akachepa. Gulu liyambitseni akakolola, kuti pofika pa 21 Sepitembala, tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse, mudzakhale ndi anthu oti adzaimirire pabwalo n'kufotokoza okha zimene akuona m'makomo.