Funsani Adokotala: Chotupa chofiira chikutseka diso la mwana wanga

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wamkazi ali ndi masabata 7, ndipo anabadwa masiku asanakwane. Atatha masabata awiri, pachikope cha diso lakumanzere panatuluka kadontho kofiira. Ndinkayesa kuti walumidwa ndi udzudzu, koma pano katupa kufika ngati nzama ndipo diso silikutseguka bwino. Kusikelo anandiuza kuti ndingodikira, chidzatha chokha. Apongozi anga akuti tikatemere mphini. Achemwali anga a ku Johannesburg akuti kumeneko ana otere amawapatsa mankhwala a BP otchedwa propranolol, ndipo apongoziwo amamwa omwewo. Kodi ndingamuphwanyire kachidutswa? — Mayi wa nkhawa, Ntcheu

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi ziwiri zosafunika kuchedwa nazo. Mapiritsi a apongoziwo asafike pakamwa pa mwana, ndipo lumo lisayandikire chotupacho. Komabe achemwali anu sananame, ndipo ine sindikufuna kuti mungokhala n'kumadikira.

Sindinamuone mwanayo, koma mmene mwafotokozeramu zikufanana kwambiri ndi chotupa chotchedwa hemangioma. Ndi timitsempha ta magazi tating'onoting'ono timene tachulukana pamalo amodzi. Mukatemapo mphini magazi amavuta kusiya, ndipo pamatsala chilonda. Simunalakwe chilichonse muli ndi pakati, sichichokera ku chakudya chimene munadya, komanso palibe amene wamulodza. Chimapezeka mwa makanda 4 kapena 5 pa 100 alionse, makamaka aakazi ndi obadwa masiku asanakwane, monga wanuyu.

Khalidwe lake ndi ili: mwana amabadwa khungu lili bwinobwino kapena ndi kabanga kosaoneka kwenikweni. Pakatha masabata ochepa chimayamba kukula, ndipo chimathamanga kwambiri m'miyezi itatu yoyambirira. Pofika miyezi isanu zambiri zimakhala zatsala pang'ono kusiya kukula, kenako zimaphwa pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Chikanakhala chaching'ono chapamsana kapena pantchafu, nanenso ndikanati chisiyeni.

Pachikope ndi nkhani ina. M'miyezi yoyambirira imeneyi ndi mmene ubongo wa mwana umaphunzira kuona. Diso likaphimbika, ubongo umazolowera kudalira linzakelo, moti chotupacho chikadzaphwa, diso lotsekedwa lija likhoza kukhala lofooka moyo wonse. Chotupacho chikamapanikiza diso chimathanso kulipotoza kaonedwe. Apa ndi pamene mawu akuti "chidzatha chokha" amandiwawa mumtima, chifukwa ndi oona, koma chidzatha diso litawonongeka kale. Sitidikiranso ngati chili pamphuno, pamlomo, kumalo ovala thewera kumene chimasanduka chilonda msanga, kapena pachibwano ndi pakhosi kumene china chikhoza kumera mkati n'kutseka njira ya mpweya. Mwana akakhala nazo zisanu kapena kuposa, timamujambula pamimba kuti tione chiwindi.

Tsopano za mankhwalawo. Propranolol ali m'gulu la mankhwala ochedwetsa kugunda kwa mtima otchedwa ma beta-blocker, ndipo anapangidwa m'zaka za m'ma 1960 pofuna kuthandiza odwala mtima. Zoti amaphwetsa zotupazi zinadziwika mwangozi mumzinda wa Bordeaux ku France. Dokotala wa khungu la ana, Christine Léauté-Labrèze, ndi anzake ankathandiza khanda lomwe linali ndi chotupa chachikulu pamphuno. Mwanayo atayamba vuto la mtima anamupatsa propranolol, ndipo posakhalitsa chotupacho chinafewa n'kusintha mtundu. Analengeza zimenezi mu 2008. Kale tinkadalira mankhwala ena otchedwa ma steroid amene ankatupitsa ana nkhope ndi kuwachedwetsa kukula. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2015 anaonetsa kuti mwa ana omwe anamwa propranolol kwa miyezi 6, zotupa zinatha kapena kutsala pang'ono kutha mwa 60 pa 100 alionse, pamene mwa amene sanalandire mankhwala enieniwo anali 4 okha pa 100 alionse. Mankhwalawa amafinya timitsempha tija ndi kuletsa tatsopano kumera, ndipo amagwira bwino akayambidwa chotupa chikadali pa msinkhu wokula.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikukukanizani mapiritsi a apongozi? Piritsi la akuluakulu nthawi zambiri limakhala la mamiligalamu 40. Khanda lolemera makilogalamu 4 silipitirira mamiligalamu 12 pa tsiku lathunthu, ogawidwa kawiri kapena katatu, ndipo poyamba timapereka ochepa kuposa pamenepo. Palibe amene angadule mlingo umenewu ndi mpeni kunyumba. Asanayambe, dokotala amayenera kumvetsera mtima ndi chifuwa cha mwana, popeza mankhwalawa amachedwetsa kugunda kwa mtima ndipo amatha kubanikitsa mwana wa chifuwa cholira. Wanuyu poti ndi wamng'ono komanso anabadwa msanga, musadabwe akakugonekani kuchipatala masiku oyambirira.

Choopsa chimene ndimachibwereza kwa mayi aliyense ndi kutsika kwa shuga m'thupi. Mankhwalawa amaperekedwa mwana akuyamwa kapena atangoyamwa kumene, osati m'mimba muli mopanda kanthu. Tsiku limene akukana bere, akusanza, akutsegula m'mimba kapena watentha thupi mwina ndi malungo, musamumwetse, pitani naye kuchipatala. Mukaona kuti wafooka, akutuluka thukuta lozizira, akuvuta kudzuka kapena akukomoka, thamangani nthawi yomweyo. Kuzizira manja ndi mapazi kapena kugona movutikira kumachitika ndipo nthawi zambiri sikuopsa, koma muziwauza adokotala. Womwetsa akhale munthu mmodzi, kuopa kuti bambo angabwereze inu mutapereka kale. Amamwa kwa miyezi yosachepera 6, kawirikawiri mpaka atakwanitsa chaka, ndipo mlingo umakwera akamanenepa. Mwa ana ena chotupa chimayambiranso akasiya, ndiye amabwezeredwa pamankhwala.

Ena amene mukuwerenga, dziwani kuti zing'onozing'ono zapamwamba pa khungu nthawi zina timazipaka timolol, mankhwala a gulu lomweli amene amadonthezedwa m'maso. Koma banga losatupa, lofiirira kapena lakuda, limene mwana wabadwa nalo ndipo likungokula limodzi ndi thupi, ndi mtundu wina, ndipo propranolol salichotsa.

Mayi, sabata ino pitani kuchipatala cha boma ndi buku la mwana. Mukanene momveka kuti chotupacho chikukula ndipo chikutseka diso, ndipo mupemphe kalata yokaonana ndi dokotala wa ana ndi wa maso kuchipatala chachikulu, kaya ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Muzichijambula ndi foni sabata iliyonse mutaika ndalama yachitsulo pambali pake, kuti adokotala aone liwiro limene chikukulira. Apongozi atengeni, akadzimvere okha. Chikatuluka magazi musanafike, panikizani modekha ndi kansalu koyera kwa mphindi 10 osachotsachotsa, ndipo musathirepo chilichonse.