Kompyuta ikamachedwa, musathamangire kufomata

Bambo wina wandilembera imelo yodandaula za laputopu ya pakhomo pawo. Akuti ili ndi zaka pafupifupi 6, Windows 10 ndi RAM ya 4 GB. Akaiyatsa amadikira mphindi 10 isanayambe kumvera, ndipo akatsegula Chrome ndi Word pamodzi, mausi imangoima, pamwamba n'kulemba kuti Not Responding. Mnzawo wina akuti aifomate, wina akuti ndi mavairasi, wina akuti agule pulogalamu yotsukira. Akufunsa kuti ayambire pati, kapena angogula ina.

Bambo, musafomate kaye (kufomata ndi kufufuta zonse pa disiki n'kuikamo Windows mwatsopano). Kufomata kumathandiza ngati vuto lili mu Windows, koma likakhala m'zida za mkati, kompyutayo imabwerera pomwe inali pasanathe milungu ingapo, inu mutavutika kale kubwezeretsa mapulogalamu onse. Ubwino wake, kompyuta imasonyeza yokha pomwe ikutsamwa, kungoti ambiri sitiyang'anapo.

Musanakhudze chilichonse, koperani zithunzi ndi zikalata zanu pa flash kapena pa disiki ina. Ngati mkati mukumveka kaphokoso ka "tiki, tiki" kompyuta ikaima, chitani zimenezi lero lomwe, chifukwa ndi momwe hard disk imalirira ikamafa.

Kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi. Patseguka Task Manager. Kakabwera kawindo kakang'ono, dinani More details pansi pake. Muona mizere inayi: CPU (purosesa, ubongo wa kompyuta), Memory (RAM, pomwe kompyuta imasunga kwakanthawi zomwe ikugwiritsa ntchito), Disk ndi Network, uliwonse uli ndi peresenti yake pamwamba. Isiyeni yotsegula, gwirani ntchito monga mwa masiku onse, ndipo nthawi yomwe kompyuta yaima, yang'anani mzere womwe wafika pa 90 kapena 100. Mukadina pamutu pa mzerewo, pulogalamu yomwe ikudya kwambiri imabwera pamwamba.

Malinga ndi zomwe mwafotokoza, ine ndikukayikira Disk. Pitani pa Performance, dinani Disk 0, muone ngati palembedwa HDD (hard disk ija) kapena SSD (disiki ya mtundu watsopano). Malaputopu otchipa ambiri a zaka zimenezo ankabwera ndi HDD, yomwe mkati mwake muli mbale yozungulira, kawirikawiri maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamkono kothamanga uku ndi uku kusaka fayilo. Ikamawerenga fayilo imodzi yaikulu imakwanitsa pafupifupi 100 MB pa sekondi, zomwe si zoipa. Koma Windows ikamayaka siwerenga fayilo imodzi. Imafuna timafayilo tambirimbiri tomwazikana, Windows Update ikufuna take, antivirus ikufuna take, ndiye kamkono kaja kamangozungulira mutu. N'chifukwa chake mumatha kuona Disk ili pa 100% koma ikungosuntha 2 kapena 3 MB pa sekondi, CPU ili phee kudikira.

RAM ya 4 GB imawonjezera moto pamenepa. Windows 10 payokha imatenga pafupifupi theka, Chrome n'kumalizitsa yotsalayo. RAM ikadzaza, Windows imayamba kusungitsa zina pa disiki, mu fayilo yotchedwa pagefile, ndiye disiki yomwe inali itatopa kale ija imasenzetsedwanso katundu wa RAM. Nthawi imeneyo ndi yomwe mausi yanu imaima.

Mankhwala ake ndi SSD. Ilibe chozungulira chilichonse mkati, ya mtundu wa SATA imafika pafupifupi 500 MB pa sekondi, ndipo pa timafayilo ting'onoting'ono tija imaisiya HDD kutali kwambiri. Kompyuta yomwe inkayaka mphindi zingapo imatha kuyaka pasanathe mphindi imodzi. Palibe pulogalamu yotsukira yomwe ingachite zimenezo. Onani nambala ya laputopu yanu pansi pake, mufufuze ngati imalandira SSD ya mainchesi 2.5 kapena ya M.2, komanso ngati RAM yake imachotseka, poti ina amaiwotcherera pa bolodi. Ikakhala yochotseka, ifikitseni pa 8 GB. Ngati simungakwanitse zonse ziwiri nthawi imodzi, yambani ndi SSD. Wokonza akhoza kukopera zonse za mu disiki yakale kupita mu yatsopano, koma ine ndimakonda kuika Windows yatsopano. Apo ndiye kufomata kwa mnzanu uja kumakhala ndi phindu.

Pali zina zaulere zoti muchite madzulo ano. Mu Task Manager momwemo pitani pa Startup, muone mapulogalamu omwe amadziyatsa okha kompyuta ikamayaka. Omwe alembedwa High koma simuwafuna m'mawa uliwonse, monga Spotify, Teams kapena Skype, dinani Disable. Safufutika ayi, amangodikira kuti muwatsegule nokha. Komanso muzidina Restart kamodzikamodzi. Kuyambira pa Windows 8 mu 2012, Shut down sizimitsa kompyuta kotheratu: Fast Startup imasunga mbali ina ya Windows pa disiki kuti idzayake msanga, ndipo zosokonekera za dzulo zimadzuka nazo limodzi. Pa Performance, pansi pa CPU, pali Up time. Mukapeza masiku ambirimbiri pomwe inu mumazimitsa usiku uliwonse, chifukwa chake n'chimenecho. Onaninso This PC. Kamzere ka disiki C kakafiira ndiye kuti malo atsala ochepa, ndipo Disk Cleanup ikuchotserani zotsalira za Windows Update.

Za mavairasi, n'zotheka, koma anthu amawanamizira milandu yambiri. Microsoft Defender, antivirus yomwe ili kale mu Windows, ndi yokwanira pakhomo. Tsegulani Windows Security, musankhe Full scan, muisiye usiku wonse. Chomwe ndimakumana nacho kawirikawiri ndi antivirus yoyeserera yomwe inabwera ndi laputopu n'kutha nthawi kalekale, ili pambali pa inanso yomwe wina anaikamo, zonse zikulimbirana fayilo iliyonse. Chotsani zonsezo, Defender idzayaka yokha. Mu Chrome dinani Shift ndi Esc, muona tsamba kapena extension (kapulogalamu kowonjezera mu Chrome) yomwe ikudya RAM, ndipo extension iliyonse yomwe simukuidziwa ichoke. Mapulogalamu olonjeza kutsuka registry (kaundula wa mkati mwa Windows) kapena kuthamangitsa kompyuta, makamaka omwe amakuopsezani kuti apeza mavuto mazanamazana, asiyeni. Ambiri amadziika okha pa Startup n'kukhala mbali ya vuto.

Ngati mzere wodzaza ndi CPU, fani ikulira ngati ikufuna kuuluka, pansi pa laputopu pakutentha, ganizirani fumbi. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro kuti isapse, ndipo muona nambala ya Speed itatsika pansi pa Base speed pomwe ntchito ili yambiri. Musamaike laputopuyo pa bedi kapena pa pilo. Patatha zaka 6, ikuyenera kutsegulidwa, kupukutidwa fumbi pa fani ndi kupakidwa thermal paste yatsopano, mafuta othandiza kuchotsa kutentha pa purosesa.

Tsono za kugula ina. Musanawonongere ndalama pa SSD, dziwani kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025. Kompyuta igwirabe ntchito, koma popanda zigamba za chitetezo si yabwino kuchitirapo za kubanki. Tsitsani PC Health Check ya Microsoft, ikuuzani ngati laputopu yanu ingalandire Windows 11, yomwe imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka mkati) ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena zina mwa AMD Ryzen 2000 ndi zatsopano kuposa apo. Ikavomera, ikani SSD ndi RAM, mukweze Windows, palibe chifukwa chogulira ina. Ikakana, SSD ikadali yothandiza ngati mungalole kuyesa Linux Mint m'malo mwa Windows. Ndi yaulere, imayenda bwino pa makina akale, ndipo Chrome imagwira momwemo. Koma Word ya pa kompyuta sigwira pa Linux, mungadalire LibreOffice, yomwe ili ndi pulogalamu yolembera yofanana ndi Word, kapena Word ya pa intaneti. Ngati pakhomo panu simungachite popanda Word yeniyeniyo, pamenepo ndiye muyambe kusunga ndalama ya kompyuta ina.