Hóspede, visita, estrangeiro: onsewa ndi mlendo?

Aphunzitsi a ku Ulónguè, ku Mozambique, mwafunsa kuti mwana akafuna kudziwa liwu la Chipwitikizi lakuti hóspede m'Chichewa mumuuze chiyani, poti mawu akuti mlendo mumawamvanso ponena visita (wodzacheza) ngakhale estrangeiro (wochokera kudziko lina). Muuzeni kuti mlendo, osakayika. Chipwitikizi chinagawa patatu pamene ife tili ndi liwu limodzi, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi mawu oyandikana nalo.

Mukati "mlendo wanga" kapena "alendo a mfumu", mwanena munthu amene ali ndi womulandira, wodya ndi kugona pakhomo pa wina. Ameneyo ndiye hóspede. Koma munthu wotsika basi pa Zóbuè n'kunena kuti "ndine mlendo kuno", akutanthauza kuti malowo sakuwadziwa, mumulondolere njira. Chinthu chosazolowereka timati chachilendo, ndipo liwulo ndi la banja limodzi ndi ulendo. Wongodutsa osaima pakhomo ndi wapaulendo. Ana amalakwitsa kwambiri pa ulemu: munthu wamkulu ngakhale ali yekha timati "kwabwera alendo". Kunena "kwabwera mlendo" pamaso pa agogo n'kuwachepetsa. Komanso mukamva amayi akunong'onezana kuti kwa uje kwabwera mlendo, musathamangire kukapereka moni, nthawi zambiri amakhala akunena khanda lobadwa kumene.

Tanthauzo lenileni limaonekera pa zimene mwininyumba amachita, zomwe timati kuchereza. Munthu akati "odi", mumavomera, mwana n'kuthamanga kukalandira katundu. Mumapereka mpando kapena kuyala mphasa kaye, moni amabwera mlendo atakhala pansi. Kenaka malonje: iye amafotokoza za kumene wachokera, za odwala, za mvula ndi kumunda, inu n'kubweza zanu. Apa ambiri masiku ano amaphonya pofunsa msanga kuti "mwadzatani?" Funso limenelo limamveka ngati kupirikitsa. Mlendo amanena yekha chomwe wadzera akapuma, mwina mpaka atadya.

Chakudyanso safunsa. "Kodi mudya?" ndi funso loti munthu wamanyazi akane, n'kugona ndi njala. Mumangobweretsa thobwa kapena madzi akumwa, moto uli kuyaka kukhitchini. Madzi osamba m'manja amayambira kwa iye. Ngati mwamuphera nkhuku, nthutumba isasowe m'mbale yake, chifukwa akuluakulu amaiyang'ana, ndipo ikasowa amadziwa kuti wina wayamba kale kudya ndiwo za mlendo. Pakhomo popanda nkhuku palibe mlandu. Nyemba kapena masamba operekedwa ndi nkhope yowala amakwana. Paja amati mlendo sathyola mphasa: kugona kwake kwa usiku umodzi kapena uwiri sikungakusaukitseni. Akatsazika mumamuperekeza ndithu, osathera pakhomo, ndipo kuno ku Angónia ndi Tsangano sizachilendo kumupatsa kathumba ka mbatata ya kachewere kapena nyemba kuti akaonetse kwawo.

Kukhala mlendo kuli ndi malire ake. Mwambi wakuti mlendo ndi mame umanena kuti sakhalitsa, choncho musamalireni lero. Wokhala sabata zingapo amayamba kupatsidwa khasu kapena ndowa, ndipo akamva kuti "inu si alendonso pano" asakhumudwe, amulandira ngati wapabanja.

Pamene ndikupemphani kusamala ndi apa. Liwu lomweli limatha kubaya. M'midzi ya chikamwini, monga mwa Achewa a ku Macanga ndi Chifunde, bambo amene wakhala kwa mkazi wake zaka 20, wamanga nyumba ndi kulera ana, akauzidwa pa mlandu wa munda kuti "inu ndinu mlendo", amuuza kuti alibe mawu. Zimapweteka kwambiri, ndipo ana aphunzitsidwe kuti si mawu oponyera munthu. Mwambi wina umati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti wochokera kwina angathe kumasula chimene chakanika eni mudzi.

M'kalasi, lembani ziganizo zitatu pa bolodi: "Mlendo wathu wagona bwino", "Ndine mlendo mumzinda wa Tete", "Chakudya ichi n'chachilendo". Ana ayese kuziika m'Chipwitikizi okha, adzaona kuti chilichonse chikufuna liwu lakelake.