Kodi Microeconomics ya Honours Ndi Yongovutitsa? Yankho kwa Mchemwali wa ku Rosettenville

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wathu wina amene akukhala ndi malume ake ku Rosettenville, mu mzinda wa Johannesburg. Akumaliza digiri ya BCom chaka chino ndipo akufuna kupitiriza ndi honours ya economics, chaka china cha maphunziro pamwamba pa digiri yoyamba. Analemba motere: "Achimwene, pa maphunziro a chaka chamawa pali Advanced Microeconomics ndi game theory. Anzanga akuti limeneli ndi phunziro logwetsa anthu. Malume akuti ndingotenga zokhudza mabanki chifukwa n'zomwe zimapezetsa ntchito. Kodi n'zothandizadi, kapena ndi masamu ongovutitsa?"

Achemwali, tengani phunzirolo. Koma konzani kaye masamu anu chaka chisanayambe, chifukwa pamenepo anzanuwo sakunama.

Microeconomics, kapena micro mwachidule, ndi phunziro la mmene anthu ndi makampani amasankhira pogula ndi pogulitsa. Micro ya chaka choyamba ndi yachiwiri imakhala ya zojambula: mzere wa ogula, mzere wa ogulitsa, pamene ikumana ndiye mtengo. Pa honours zojambulazo zimachepa, m'malo mwake mumapatsidwa zilembo ndi ma equation. Amakuuzani kuti munthu ali ndi ndalama zakutizakuti, mitengo ndi iyi, sonyezani ndi calculus kuti agula zochuluka bwanji, kenako tsimikizani kuti yankho lanulo n'loonadi nthawi zonse. Njira ya Lagrange, yopezera ndi masamu chisankho chabwino koposa pamene ndalama zili ndi malire, mudzaigwiritsa ntchito pafupifupi tsiku lililonse. Ine mayeso anga oyamba a phunziroli ndinalephera, ndipo chinandigwetsa sichinali economics ayi, koma partial derivatives, gawo lina la calculus, zomwe ndinaziphunzira mothamanga chaka choyamba n'kuziiwala. Zinandipweteka kwambiri chifukwa ndalama ya fizi inachokera m'thukuta la abale anga. Ndinabwerera ku buku la masamu la chaka choyamba, masabata atatu usiku uliwonse, ndipo kuchokera pamenepo zinthu zinayamba kumveka.

Tsopano ndikuuzeni chifukwa chimene ndimalikondera.

Game theory imafunsa funso limodzi: ndichite chiyani pamene phindu langa likudalira zimene mnzanga achite, iyenso akundiganizira ine? Aliyense amene anaseweretsapo bawo pansi pa mtengo wa mango akulidziwa funsoli. Sutakata chabe, umayamba waona kuti ukathera apa mnzako adya pati, ndipo iye akadya iwe utsala ndi chiyani. M'kalasi amazitcha backward induction, kuyambira kumapeto kwa masewero n'kumabwerera m'mbuyo. John von Neumann ndi Oskar Morgenstern ndi amene anaika maganizowa m'masamu mu 1944, ndipo mu 1950 John Nash anawonjezera mfundo yomwe lero imadziwika ndi dzina lake: pamakhala malo pomwe aliyense wasankha chomwe chili chabwino kwa iye poona zomwe ena asankha, moti palibe amene angapindule posintha yekha. Malo amenewo sikuti amakhala abwino kwa onse. Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse.

Taganizirani za buledi amene mumagula pa spaza. Zaka za m'mbuyomu zinadziwika kuti makampani akuluakulu ophika buledi muno mu South Africa ankagwirizana mobisa za mitengo. Bungwe loyang'anira mpikisano pa malonda la Competition Commission linali litakhazikitsa lamulo mu 2004 loti kampani yoyamba kuulula chiwembu chotere imakhululukidwa chindapusa. Premier Foods inaulula. Tiger Brands inalipira pafupifupi R99 miliyoni mu 2007, ndipo Pioneer Foods, yomwe inalimbana ndi mlanduwo, inagamulidwa kulipira zoposa R195 miliyoni mu 2010. Tayang'anani mmene lamulolo linapangidwira. Onse akakhala chete, onse apindula. Koma aliyense akagona amaganiza kuti, nanga mnzanga akandiyambirira kukaulula? Mantha amenewo ndi amene amaswa mgwirizano. Vuto limeneli limatchedwa prisoner's dilemma, yomwe mudzaiwerenge mu game theory, koma ndi lamulolo boma linaitembenuza kuti igwire ntchito yoteteza mayi wogula buledi ku Diepsloot. Njira yomweyo inathandiza kuvumbula makampani a zomangamanga omwe ankagawana ma tenda, kuphatikizapo a mabwalo a World Cup ya 2010; mu 2013 makampani 15 anavomera kulipira R1.46 biliyoni. Anthu omwe anakhala pansi kuwerengera kuti mitengo inakwezedwa motani ndi omwe anaphunzira micro yomwe mukuiopayi.

Ndiye malume akamati palibe ntchito, muwayankhe mwaulemu kuti ntchito zilipo: ku mabungwe oyang'anira mpikisano pa malonda, ku makampani olangiza pa milandu ya mtunduwu, ku mabungwe oyang'anira magetsi ndi mafoni, ngakhale ku mabanki omwewo. Mu March 2022 ICASA, bungwe loyang'anira zamafoni ndi mawayilesi muno, inagulitsa spectrum, mafunde a m'mlengalenga omwe mafoni amayendera, pa okushoni n'kupeza zoposa R14 biliyoni, ndipo malamulo a okushoni yotere amalembedwa ndi akatswiri a phunziroli. Paul Milgrom ndi Robert Wilson analandira mphoto ya Nobel mu 2020 chifukwa cha kafukufuku wawo wa mmene maokushoni amayendera. Kwathu nakonso kuli Competition and Fair Trading Commission. Sindikukulonjezani kuti ntchito idzakupezani pakhomo, makamaka ife obwera amene nkhani ya mapepala imatitsekera makomo ena. Koma malume akulankhula chifukwa chokukondani, ndipo n'zotheka kutenga micro pamodzi ndi phunziro limodzi la finance. Pamwamba pa zonsezi musanyoze econometrics, phunziro loyesa mfundo za economics ndi manambala enieni, chifukwa olemba ntchito amafuna munthu wodziwa mfundo komanso wotha kugwira manambala pa kompyuta.

Gawo limene linandigwira mtima kwambiri ndi la masewero obwerezabwereza. Mukudziwa ma transporter amene amatitengera katundu kuchoka ku Joni kupita ku Lilongwe kapena ku Mzimba. Mumam'patsa munthu firiji, mabulangete ndi ndalama, popanda pepala lomwe khoti lingaliwerenge. N'chifukwa chiyani ambiri amafikitsa katunduyo? Chifukwa mwezi wamawa abweranso, ndipo akangosowetsa katundu kamodzi, mbiri yake imazungulira magulu onse a WhatsApp tsiku lisanathe. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. M'kalasi mudzasonyeza ndi masamu kuti kukhulupirika kumalimba pamene munthu akuona kuti mawa lilipo ndipo akulilemekeza, ndi kuti kumagwa pamene akudziwa kuti uno ndi ulendo womaliza. Chipereganyu, chomwe anzathu a kuno amati stokvel, chimayenda pa mfundo yomweyo, ndipo n'chifukwa chake mavuto ake amabwera kawirikawiri kwa amene walandira kale. Tsiku limene ndinaona zimenezi zitalembedwa pa bolodi ndinakumbukira amayi anga ndi gulu lawo la kumudzi, mmene ankasankhira woyamba kulandira ndi womaliza. Iwo sanapite ku yunivesite, koma funsolo analiyankha bwino.

Palinso nkhani ya pamene wogulitsa akudziwa zambiri kuposa wogula. George Akerlof analemba za msika wa magalimoto akale mu 1970, ndipo amene anagulapo foni yogwiritsidwa kale ntchito m'tauni safuna kufotokozeredwa zambiri. Wogula sadziwa yabwino ndi yowonongeka, choncho amapereka mtengo wotsika, ndipo mwini foni yabwino amaibweza m'thumba. Inshuwalansi, ngongole ndi makontrakiti a ntchito zonse zimadutsa pamenepa.

Ndikuchenjezeninso chinthu china. Masamuwa ndi okongola, ndipo ena akawadziwa amayamba kuganiza kuti munthu aliyense ndi wodzikonda wowerengera phindu basi. Si zoona. Elinor Ostrom, amene analandira Nobel mu 2009, anasonyeza kuti midzi yambiri imatha kusamala nkhalango, madzi ndi nsomba zake popanda boma kapena kampani, pamene buku linkati zonse zidzatha. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, asodzi akhala akutseka usodzi miyezi ya dzinja kwa zaka zambiri motsogoleredwa ndi mfumu Makanjira. Mukamalemba kafukufuku wanu wa honours, nkhani ngati imeneyi, kapena ya ogula fodya ochepa pa okushoni ya ku Kanengo pamaso pa alimi zikwizikwi, ndi yomwe inu mungaifotokoze bwino kuposa mnzanu wokhala naye pa desiki.

Za mapepala ndidutsa mwachangu. Onani malamulo a dipatimenti yanu, kaya ndi ku yunivesite ya Wits ku Braamfontein kapena ya Johannesburg (UJ) ku Auckland Park, chifukwa m'mapologalamu ambiri micro ndi yokakamiza, ndipo malo a honours amatengera mamalikisi a economics a chaka chachitatu. Masiku otsekera mafomu amafika miyezi ingapo chaka chisanathe. Onetsetsaninso kuti study visa yanu ndi medical aid zikufika kumapeto kwa chaka chamawa.

Tchuthi cha December musachiponye chonse ku ganyu. Patulani ola limodzi patsiku: differentiation, matrix, probability pang'ono, ndi kuzolowera kulemba umboni wa masamu sitepe ndi sitepe. Makalasi akayamba mu February, pezani anzanu awiri kapena atatu oti muzikumana nawo sabata iliyonse, aliyense atayesa kaye mafunso payekha asanabwere. Kuwerenga yankho la wina kumanamiza, mumaona ngati mwamva pamene dzanja lanu silingathe kulilemba. Ndipo ola limene aphunzitsi amapatula loti ophunzira akawaone ku ofesi, pitani, ngakhale funso lanu likuoneka laling'ono.

Mukafika pa mutu wa Lagrange n'kuona kuti zakanika, nditumizireni chithunzi cha tsambalo pa imelo yomweyi. Loweruka masana ndimakhala ndi mpata, tidzadutsamo limodzi.