Mzere wopindika m'thanthwe: kodi ndi chivomerezi?

Aphunzitsi ena a ku Chingale anditumizira imelo. Akuti ali ku Karonga anaona thanthwe m'mbali mwa mtsinje, mizere yake itagona mosanjikizana bwinobwino, koma umodzi wa pakati uli wokwinyikakwinyika ngati chitenje chosasita. Akufunsa ngati chivomerezi chingapinde mwala chotero.

Aphunzitsi, ganizani za njerwa. Yowotcha mukaiponda imasweka, koma yaiwisi, yongotuluka kumene m'chikombole, imangopindika. Mzere munauonawo unakwinyika udakali matope ndi mchenga wonyowa pansi pa madzi, usanalimbe n'kukhala mwala.

Nthaka ikagwedezeka, timchenga timasiya kugwirana, madzi a pakati pake amasowa kothawira, zonse n'kusanduka phala. Kayeseni ku Likangala: pondapondani pamchenga wonyowa, muona phazi likumira, madzi akutuluka. Pansi pa nyanja mchenga wolemera umamira m'matope, matopewo n'kukwera m'mwamba ngati malawi. Ku Karonga komweko, mu Disembala 2009, pamene chivomerezi chachikulu chinafika pa 6.0 pa sikelo yoyezera mphamvu ya zivomerezi, mchenga ndi madzi zinatumphukira kumtunda kudzera m'ming'alu. Kawirikawiri izi zimafuna chivomerezi cha 5 kapena kuposa. Mizere yokwinyika ndi chivomerezi yotereyi katswiri wa miyala wa ku Germany, Adolf Seilacher, anaitcha seismite mu 1969.

Komabe musafulumire. Kugumuka kwa gombe, mchenga wambiri wokhuthulidwa ndi madzi osefukira, ngakhale mapazi a nyama, zonsezi zimakwinyanso matope. Chimene chandikopa m'kalata yanu ndi mizere yosasokonezeka ya pamwamba ndi pansi ija. Ikusonyeza kuti china chake chinachitika kamodzi, mwadzidzidzi, kenako bata linabwerera. Chatsala n'kuulondola mzerewo. Mukaupezanso kutali, m'mitsinje ina, uli pamalo omwewo pakati pa anzake, umboni wa chivomerezi ukulimba. Ndi mmene amawerengera zivomerezi zakale m'matope ouma a m'mbali mwa nyanja ya Dead Sea ku Middle East.

Kuno musavutike n'kukwera phiri la Zomba. Mwala wake unachokera ku chiphalaphala chotentha chimene chinazizirira pansi pa nthaka, ulibe mizere yotere.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa makina oyezera zivomerezi ndi adzana, pamene ife a Chingale ndi Zomba takhala m'mphepete mwa chigwa cha Shire, chomwe chinabadwa ndi kung'ambika kwa nthaka. Mukapitanso, jambulani mzerewo mutaika cholembera pambali kuti kukula kwake kuoneke, lembani malo ake, mudzaonetse akatswiri a ku nthambi ya boma yoona za miyala ya Geological Survey kuno ku Zomba.