Kodi tour yoyamba ya bandi imadyetsa? Nkhani ya Nirvana mu 1989

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina woimba gitala mu kabandi ka rock. Akuti alimo anayi, ndipo angomaliza kumene kujambula chimbale chawo choyamba ndi ndalama zosonkherana. Funso lake ndi loti kodi mabandi akuluakulu aja, tour yawo yoyamba chimbale chitangotuluka inkawapatsa ndalama? Nanga iwowo anyamuke azikaimba m'matauni momwe sakudziwika, kapena adikire kaye nyimbo zimveke pa wailesi? Watchulanso kuti bandi ya pamtima pake ndi Nirvana.

Achimwene, zikomo pondilembera. Poti mwatchula Nirvana tiyeni tikhale pomwepo, chifukwa anthu ambiri amangoidziwa kuyambira 1991 itatchuka kale, za 1989 sazikamba kwenikweni, chonsecho m'menemo ndi momwe muli yankho lanu.

Anyamatawa anayambira ku Aberdeen, katauni ka anthu odula mitengo m'chigawo cha Washington ku America. Chimbale chawo choyamba, Bleach, anachijambula ku Seattle kwa Jack Endino m'ma awala pafupifupi 30 basi, ndipo bilu yake inali $606.17. Ndalama imeneyo iwo analibe. Amene analipira ndi mnzawo Jason Everman, ndiye pomuthokoza anamulemba pa kava kuti ndi woimba gitala wachiwiri ngakhale mu chimbalemo sanaimbemo ngakhale pang'ono. Chinatuluka pa 15 June 1989 kudzera ku Sub Pop, kakampani kakang'ono ka Bruce Pavitt ndi Jonathan Poneman, ndipo patangotha masiku owerengeka anali kale pa msewu, Kurt Cobain wa zaka 22, woimba komanso wa gitala, Krist Novoselic wa bezi, Chad Channing wa ma dramu, ndi Jason uja. Galimoto yake inali van yakale ya Dodge, momwemo zida momwemo anthu momwemo zovala.

Ndalama? Ayi ndithu, panalibe. Zomwe ankapatsidwa akaimba nthawi zambiri zinkangokwana mafuta oti akafike tauni yotsatira ndi kachakudya. Kugona kunali mu van momwemo, kapena pansi m'nyumba mwa munthu amene waonera show n'kuwamvera chisoni. Malo ena anthu ankabwera ochepa zedi oti mutha kuwawerenga ndi maso. Kurt anali kale ndi vuto la m'mimba lomwe linamuzunza kwa zaka zambiri, ndiye tangoganizani munthu odwala, chakudya chosalongosoka, tulo tosakwana, usiku ulionse akukuwa pa maiki mpaka mawu kusasa. Komanso ankaswa magitala pa steji, mawa lake n'kumasaka ina yotchipa mu mashopu a kaunjika wa zida. Ine zoswa zidazo sindikukulimbikitsani, gitala yanu isamaleni.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Chimene chinathetsa tour imeneyi si njala ayi, anali anthu eni ake. Pomwe amafika ku New York mkati mwa July, Kurt ndi Krist anali atatopa naye Jason, kaimbidwe kake sikankagwirizana ndi ka anzake komanso mu van munalibenso macheza. Ataimba ku Pyramid Club pa 18 July, ma show otsala anangowakansela, n'kuyamba ulendo wobwerera kwawo, mtunda woposa makilomita 4,000, anthu anayi ali duu mu galimoto imodzi. Ndipo palibe amene analimba mtima kumuuza Jason pamaso kuti wachotsedwa, anangosiya kumuitana. Zimenezi zimandikhudza nthawi zonse ndikaziganizira, munthu amene analipira chimbale chonse kungosiyidwa chonchi osamuuza n'komwe. Kenako Jason anakaimbako bezi mu bandi ya Soundgarden kwa kanthawi, nakonso sizinayende, mapeto ake analowa usilikali wa America mpaka kukafika ku Special Forces.

Ndiye mukandifunsa kuti tour yoyamba ntchito yake n'chani, ine ndimati imakuonetsani kuti bandi muli nayo kapena mulibe. Ku prakatisi mumakumana ma awala awiri aliyense n'kumapita kwawo, simungadziwe kuti wa dramu akakhala ndi njala amalusa bwanji, kuti wa bezi ndalama za mafuta akazigwira zimachepa, kapena kuti woimba wanu akaona anthu 10 okha mu holo amafooka manja. Zonsezo zimaululika tsiku lachisanu muli kutali ndi kwanu. Walira mvula walira matope, achimwene.

Koma sanathere pomwepo. Anatsala atatu, ndipo kaimbidwe kanayamba kumveka bwino kuposa kale. Kumapeto kwa October anawoloka nyanja kupita ku Europe limodzi ndi bandi ina ya Sub Pop yotchedwa Tad, show yoyamba ku Newcastle pa 23 October. Ma show 36 m'masiku 42, mabandi awiri onse atathinana mu van imodzi, kunja kukuzizira koopsa. Anajambulako nyimbo ku BBC za pulogalamu ya John Peel, amene ankadziwika ndi kukweza mabandi osadziwika. Ku Berlin anakaimba patangotha masiku awiri chipupa chomwe chinkagawa mzindawo pakati chitatsegulidwa, mseu onse uli piringupiringu ndi anthu ochokera kummawa. Pofika ku Rome kumapeto kwa November Kurt zinamukwana, zida zikuvuta, thupi latopa, anakwera pamwamba pa ma spika kuopseza kuti adumpha, ndipo atamutsitsa ananena kuti bandi wasiya. Pavitt ndi Poneman anali pompo usiku umenewo, anachita kumunyengerera. Nkhani imeneyi anthu ena amaikamba ngati yokoma, ngati ndi umo rock iyenera kukhalira, koma ine ndimaona mnyamata amene anafunika kupuma ndi kuonana ndi dokotala, ndipo tonse tikudziwa kuti mu April 1994 anamwalira ali ndi zaka 27 zokha. Mnzanu mu bandi akayamba kuoneka kuti sali bwino m'maganizo, show ikhoza kudikira.

Patangopita masiku ochepa, pa 3 December, anaimba ku Astoria ku London limodzi ndi Tad ndi bandi ina yotchedwa Mudhoney. Nirvana ndi imene inatsegulira, koma atolankhani a nyimbo a ku Britain anachoka pamenepo akuikamba. Bandi yomwe inaima pa steji usiku umenewo inali itaimba nyimbo zomwezo usiku ndi usiku kwa miyezi, moti zinali zitalowa m'magazi, zimene studio ya ma awala 30 singakupatseni.

Za wailesi zija. Bleach sinkaimbidwa pa ma wailesi akuluakulu, inkamveka pa timawailesi ta m'makoleji basi, ndipo chimbale chawo chachiwiri, Nevermind, chisanatuluke mu September 1991, Bleach inali itagulitsa makope pafupifupi 40,000. Ine ndikuganiza kuti ambiri mwa anthu amene anagulawo anali oti anaionapo bandiyo ndi maso mu kabala kenakake, kapena anauzidwa ndi mnzawo amene anaionera. Akanakhala pakhomo kudikira wailesi sindikukhulupirira kuti tikanawamva.

Ndiye inuyo nyamukani, koma musayambe ndi mwezi wathunthu ngati iwowa. Yambani ndi ma weekend, matauni awiri kapena atatu oti zikavuta mutha kubwerera ndi basi. Musananyamuke khalani pansi anayi nonse mugwirizane poyera kuti ndalama ya pakhomo agwira ndani, mafuta ndi chakudya zichoka pati, chotsala mugawana bwanji, ndipo mulembe mu kope. Mwini malo mugwirizane naye mtengo musanatsitse chida chilichonse. Tengani mawaya apadera a gitala, ndodo za dramu zapadera, ndi chimbale chanucho pa CD kapena pa flash choti munthu akakondwa agule pompo asanatuluke. Ndipo ngati pali wina mwa anayinu amene mukuona kale kuti sizikuyenda naye, muuzeni pamaso panopa mudakali kunyumba, musamuchite zimene anamuchita Jason.

Mukabwerako mundilemberenso, ndikufuna ndimve kuti show yoyamba kunabwera anthu angati.