Nduna ya ku House of Lords: aphungu amaifunsa bwanji?

Achimwene, mwafunsa kuti ku Britain nduna yosavoteredwa, yokhala ku House of Lords (nyumba yachiwiri ya malamulo, imene mamembala ake savoteredwa ndi anthu), aphungu amaipanikiza bwanji ndi mafunso. Zoona zake n'zakuti m'nyumba mwawo saifikira. Membala wa Lords saloledwa kuyankhula pa zokambirana za mu House of Commons, nyumba ya aphungu ovoteredwa.

Nkhaniyi inavuta mu Novembala 2023, pamene Nduna Yaikulu Rishi Sunak anasankha David Cameron kukhala nduna ya zakunja chonsecho sanali phungu. Anamulowetsa ku Lords, ndipo Sipikala wa Commons Lindsay Hoyle anadandaula poyera. Mu Januwale 2024 komiti yoona ndondomeko za Commons inati Cameron aziima pa Bar, mzere woyera wapansi umene mlendo sadumpha, n'kumayankha ali pomwepo. Boma linakana mu Epulo.

Ndiye zimayenda chonchi. Funso lililonse mu Commons, la pakamwa, lolemba, ngakhale ladzidzidzi limene Sipikala waloleza, amayankha ndi wachiwiri wake yemwe ndi phungu. Kwa Cameron anali makamaka Andrew Mitchell. Vuto lili pamenepo: wachiwiri amawerenga zomwe amukonzera, ndipo phungu akafunsa kuti "munagwirizana chiyani m'chipinda muja?", woyankhayo mwina sanalimo. Uthenga wotumiza sufanana ndi mwini wake.

Kumene nduna imaonekera maso ndi maso n'kumakomiti. Cameron anakaonekera ku komiti ya zakunja ya Commons, yomwe inkatsogoleredwa ndi phungu Alicia Kearns, mu Januwale 2024, ndipo kunena chilungamo mafunso a kukomiti amaluma kuposa phokoso la m'nyumba, chifukwa phungu mmodzi amabwereza funso mpaka liyankhidwe. Koma komiti imangoitana, singakakamize membala wa Lords, ndipo tsiku amachita kugwirizana. Ku Lords nako Cameron ankamufunsa kamodzi pamwezi, monga anachitira ndi nduna zina za ku Lords, Lord Mandelson ndi Lord Adonis, nthawi ya Nduna Yaikulu Gordon Brown, kungoti ofunsawo nawonso palibe anawavotera.

Chikwapu chenicheni chili pa ndalama, chifukwa bajeti ya unduna amavomereza ndi a Commons, komanso pa Nduna Yaikulu imene imayankha Lachitatu lililonse nyumba ikamakumana. Zikafika poipa, aphungu a chipani cholamula amangokwiya mpaka munthu achoke. Argentina italanda zilumba za Falkland mu Epulo 1982, Lord Carrington, yemwe anali nduna ya zakunja, sakanatha kudziteteza mu Commons. Anakumana ndi aphungu a chipani chake ali olusa, ndipo patangopita masiku atatu zilumbazo zitalandidwa anatula pansi udindo.